Dzino langa linatsala mu nzimbe ku Vubwi

Mawu ena a Chingerezi anthu amaphunzirira m'kalasi. Ine limodzi ndinaliphunzirira pamphasa, achibale a mkazi wanga akundiyang'ana m'kamwa.

Ndinagwa pa njinga ku Sinda nditanyamula thonje, dzino lakutsogolo n'kuthyoka. Ku Katete adokotala a mano anandiikira lina, loyera kuposa anzake onse.

"Ili ndi tempolale, mwamva?"

"Ndamva, adokotala."

Sindinamve kanthu. Agogo amene anandilera sankafuna mwana wofunsa mafunso, ndiye wamkulu akalankhula ine ndimangogwedeza mutu. Ndinaganiza kuti ndi dzina la mtundu wa dzinolo, ndipo ndinkanyadira nalo. (Kapepala kamene adokotala anandipatsa kanachapidwa pamodzi ndi buluku.)

Patapita miyezi isanu ndi umodzi, amalume anandiperekeza ku Vubwi kukafunsira Tiyamike. Tili m'njira anandichenjeza kuti chilichonse chimene angandipatse ndisakane. Titafika, anatipatsa nzimbe. Nzimbe! Nthochi zili mbwee kuseri kwa nyumba.

Nditaluma ndinamva kamphepo m'kamwa. Poyang'ana, dzino langa lili chilili mu nzimbe. Ndinaibisa kumbuyo, n'kutseka pakamwa ndi dzanja.

"Mumagwira ntchito yanji, achimwene?" anafunsa amalume ake a Tiyamike.

Ndinayankhira m'dzanja.

"Bwanji akubisa pakamwa? Amwa kachasu awa! Mwana wathu sitipereka kwa chidakwa."

"Samwa uyu," anatero amalume anga. "Iwe, chotsa dzanjalo!"

Ndinachotsa. Bambo aja anasendera pafupi n'kundinunkhiza, kenako anandiuza kuti ndiyasamule, ngati mbuzi imene akufuna kugula. Ndinatulutsa nzimbe ija monga umboni.

"Koma linali labwino," ndinadandaula. "Adokotala anati ndi tempolale."

Azakhali ake a Tiyamike, amene anali mphunzitsi, anaseka mpaka kugwira khoma.

"Bambo inu, mawuwo amatanthauza chinthu chongoyembekezera! Ankafuna mubwerereko akaike lenileni. Osafunsa bwanji?"

Anakambirana nthawi yaitali ine ndili zyoli. Pomaliza anagamula kuti munthu wopanda dzino aliko bwino kuposa chidakwa, ndipo anandilola.

Tili ndi ana awiri tsopano, koma ku Vubwi dzina langa lenileni palibe amene amalidziwa. Ndikangotsika njinga, azakhali aja amakuwa kuti, "Bisani nzimbe, afika aTempolale!" Ndipo ine, poti ndi apongozi, ndimayenera kuseka nawo.