Maliro a Bambo Kalekeni Pansi pa Nsanja Yagalasi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani yomwe yamanga pamwamba pa siteshoni yathu,
Glasgow.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ndaomba m'manja. Ine ndine munthu wamba, mlembi chabe wa kagulu ka Amalawi kamene kankasonkhana mu holo yakale ija ya pambali pa siteshoni, imene munaigwetsa mwachikondi zaka zitatu zapitazo. Inali yodontha, inde, yonunkha chinyontho. Zikomo potichotsa manyazi amenewo. Lero pamwamba pa njanji paima chinyumba chagalasi cha nsanjika khumi ndi zisanu ndi zitatu, ndipo akuti dera lathu labadwanso. Ife sitinkadziwa n'komwe kuti linafa.

Ndalemba chifukwa Lamulungu lapitali tinataya Bambo Eneya Kalekeni, amene anayendetsa basi mumzinda uno zaka khumi ndi zinayi. Thupi lawo likwera ndege Loweruka kupita ku Ntcheu. Kwathu namfedwa salira yekha: timakhala naye, timaimba, timalira mokweza. Koma akazi awo, Mayi Angelina, amakhala m'kanyumba kakang'ono ku Govanhill, moti akalowa anthu asanu ndi atatu, otsalawo amathera pamasitepe. Ndiye tinathamangira ku "chipinda cha anthu onse" chimene munatilonjeza m'malo mwa holo ija. Ndiloleni ndithokoze motere:

1. Fomu yanu ikuti chipindacho tizipempha kudakali milungu isanu ndi umodzi. Nzeru zake, abale inu! Olakwa ndi malemuwo, anachoka osatsanzika kuofesi kwanu. Akanakhala moyo tikanawadzudzula.

2. Mumaloleza anthu makumi awiri okha. Olira Bambo Kalekeni ndi oposa zana, a ku Partick, a ku Pollokshields, ena mpaka ku Edinburgh. Sitima ndi mabasi zimawatula pakhomo penipeni, monga munalembera m'mapepala anu okongola aja. Kufika amafika ndithu. Polowa ndiye palibe.

3. Kuimba n'koletsedwa, kuopa kusokoneza akumwamba amene anagula bata pamodzi ndi nyumba zawo. Wolandira alendo wanu anatiuza mwaulemu kuti tingathe kusinkhasinkha mwakachetechete. Ha! Kusinkhasinkha! Mayi wataya mwamuna amene wakhala naye zaka makumi atatu, ndiye akhale duu ngati ali pamzere wa kuchipatala?

Ndisaname, Bwana, mtima ukundiwawa. Dzulo ndinawapeza Mayi Angelina atatseka pakamwa ndi chitenje kuti aneba asamve kulira kwawo. Pachithunzi chachikulu chimene munapachika nthawi yomanga panali anthu akuda awiri, akumwetulira, khofi ali m'manja. Ife tinkayesa ndife. Kani ndi mtundu wina wa anthu, wosaferedwa.

Tsono pempho langa ndi laling'ono. Chipindacho sungani, chingade. Mungotilola Lachisanu masana tidzaime pansi pa nyumba yanu, pokwerera sitima, aliyense ndi tikiti yake. Ndandanda wa sitima tauwerenga kale. Sitima ikamalowa ndi chiphokoso chake, Mayi Angelina azilira. Ikaima, tiziwagwira pakamwa. Motero amuna awo apita ataliridwa, ndipo kumwambako palibe adzadziwe kuti pansi pake pali anthu.

Ine wanu, wosayenera kukwera chikepe chanu,

Matilda Tisunge