Malume Asaoneke Mpaka Lamulungu

Lolemba

Malume afika. Ndawatenga ku bwalo la ndege m'mawa uno: sutikesi imodzi, kope lachikuto cholimba m'manja, tayi pakhosi. Kunja kukutentha ngati uvuni wa njerwa, iwo tayi!

Ndilembe bwinobwino, mwina tsiku lina ndidzafunika kudziteteza. Malume, mlongo wawo wa amayi, mphunzitsi wamkulu wopuma, ndi amene chipani china kumudzi chawaimika kuti akhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Vuto lawo ndi limodzi: ukawafunsa funso amayankha. Mtolankhani atawafunsa za mlatho umene bwana wawo walonjeza kwathu, iwo akuti, "Ayambe wapeza kaye mtsinje." Ndiye a kampeni aganiza zowachotsa pamaso pa atolankhani sabata ino ya mtsutso wa pa wailesi. Dziko lauzidwa kuti ali ku Dubai kukambirana ndi amalonda akuluakulu. Amalonda akewo ndine, nesi, m'kafulati ka ku Deira pamwamba pa sitolo ya mafoni.

Mkulu wa kampeni ndimamutchula kuti a Mapulani, chifukwa mawu amenewo sachoka pakamwa pake. Akuti ku hotela ayi, kuli ana a kwathu ambiri. Malamulo ake:

1. Asalankhule ndi Mmalawi aliyense.
2. Asajambulidwe.
3. Foni yawo ndisunge ine.
4. Akafunsa chifukwa, ndiziti "chitetezo".

Zikayenda bwino, Lamulungu akwera ndege kukayamba misonkhano yawo, imene akhala akuikonzekera m'kope lija. Akangooneka pa foni ya munthu, a Mapulani akuti "tiona zina". Amayi nawo aimba: "Mlongo wanga wadikira zimenezi moyo wake wonse. Usamugwetse." Ine? Ine ndiye ndiwagwetse?

Amene ndikuwakayikira:

Bupe, mnzanga wa m'fulati, wa ku Zambia, wogwira ntchito m'ndege. Amadziwa aliyense.
Mlonda wa pansi. Amamwetulira kwambiri.
Dalitso, injiniya amene anadzipatsa yekha utolankhani. Pakasonkhana Amalawi atatu, iye wayatsa kale layivu pa foni, akuulutsa.

Lachiwiri

Ndachoka m'mawa nditawauza kuti asatuluke. Ndabwera kuchokera ku chipatala madzulo, mlonda akundilandira mano onse pamtunda: "Madam, uncle very good man!" Wawadziwira kuti?

Nkhani yake ndi iyi. Malume akuti munthu sungagone pamudzi pa eni osapereka moni. Agogoda zitseko zonse za pansanjika yathu, zisanu ndi ziwiri. Banja la Chifilipino lawapatsa nthochi zokazinga. Bambo wa ku Kerala ku India wawaonetsa zithunzi za ana ake. Ndawakumbutsa lamulo loyamba, iwo akuti, "Anesi, lamulo likuti Mmalawi. Ndaliwerenga kawiri." Uphunzitsi suchoka m'magazi!

Bupe wabwera ku ulendo wake ndi kuwapeza pampando wake. Wandikokera ku khitchini: "Iwe, manje ni ndani uyu mudala wa tayi?" Ndamuuza kuti ndi wachibale wodwala BP, wabwera kudzapimitsa. Wandiyang'ana nthawi yaitali, kenako wapita kukawaphikira tiyi. Tiyi wa chiyani? Bupe sanandiphikirepo tiyi ine chikhalireni limodzi zaka zitatu. Akufuna kanthu ameneyu.

A Mapulani aimba kasanu. Akuti anthu ayamba kufunsa, pakufunika chithunzi cha malume akugwirana chanza ndi wamalonda, kumbuyo kukuoneka nyumba zazitali. Ndawakumbutsa lamulo lachiwiri. Akuti, "Achemwali, chimenecho ndi chithunzi chathu, si cha anthu."

Wamalonda ndikamutenga kuti?

Lachitatu

Ndamupeza. Imran wa ku labu kwathu ali ndi suti ya ukwati wa mng'ono wake ndiponso nkhope ya munthu wa ndalama. Ndamuuza kuti ndi chithunzi cha banja. Wangoti, "Inshallah, sister."

Lero sindikugwira ntchito. Tapita ku masitolo akuluakulu a Festival City dzuwa litapendeka, malume nditawaveka chipewa ndi magalasi akuda. Akuoneka ngati munthu amene akubisidwa, koma nanga nditani.

Vuto loyamba: akukana. Akuti chithunzi chabodza sanajambulitsepo, ndipo sayambira ku ukalamba. Ndawachonderera mpaka malovu kuuma. Mapeto ake agula kabokosi ka zipatso za kanjedza m'sitolo, amugulitsa Imran, Imran wawagulitsanso iwo. "Tsopano malonda achitika," akutero, "jambulani." Ndajambula. Imran watsinzina.

Vuto lachiwiri ndiye landiumitsa thupi. Tikubwerera, pafupi ndi kasupe wa madzi ovina, amayi atatu akukankha tingolo ta ana a mabwana awo, akucheza. Chichewa! Malume khosi latembenuka lokha. Pakamwa patseguka kale, "Muli bwa..." ndawakoka mkono ngati mwana pamsika. Mmodzi wa amayiwo, wamfupi, wa duku lobiriwira, waima chilili kuwayang'ana mpaka takwera masitepe oyenda okha. Dzanja lake linali m'chikwama. Foni imeneyo, ndikulumbira.

Takwera takisi ndi malume. Pafupi ndi kwathu angoti, "Ndapitirira anthu a kwathu ngati mitengo. Mayi ako akamva ati anandilera ndani?"

Ndaonjezera pa mndandanda: mayi wa duku lobiriwira.

A Mapulani akuti chithunzi ndi chabwino, koma wamalondayo akuoneka watulo.

Lachinayi

Pa gulu lathu la pa foni la Amalawi a kuno, Dalitso walemba m'mamawa: "Abale, mphekesera zikuti munthu wamkulu ali m'tauni muno. Amene wamuona andigwire ku inbox." Anthu khumi ndi awiri aika tizithunzi ta maso awiriawiri. Ine ndaika chithunzi cha duwa ndi vesi, kuti ndioneke wosalakwa. Kenako ndadzifunsa: munthu wosalakwa amaika duwa? Ndafufuta. Tsopano zikuoneka kuti ndafufuta kanthu!

Popita ku ntchito ndachita chinthu chimene sindikunyadira. Ndakhoma chitseko ndi kiyi, malume ali m'kati. Ndaima pakhonde kanthawi ndikumva akuyeseza mawu awo: "Anthu a kwathu, sindinabwere ndi malonjezo..." Mawu ake abwino, ndithu. Mtima wandiwawa, koma ndapita.

Tsiku lonse ndikuyeza odwala BP, yanga ndiye yokwera kuposa onse.

Ndabwera madzulo, chitseko chili pululu. Ndaiwala kuti Bupe nayenso ali ndi kiyi. Nzeru zanga! Ndawapeza malume aimirira pakati pa balaza, kope m'manja, Bupe ali pamphasa akuomba m'manja. "Ba sister, aba ba uncle ni ba Vice! Nenze naziba kudala, nkhope yao ili pa foni paliponse." Ndamufunsa wauza ndani. Akuti palibe. Anthu onse amene auza wina amatero.

Ndipo Bupe wabwera ndi uthenga. Mayi Nachisale, mmodzi wa olera ana, amayi awo amwalira ku Dedza. Kupita sangapite, mwambo wonse uchitika iwo ali kuno. Loweruka masana anthu akasonkhana kukawapepesa ku Ras Al Khor, m'chipinda cha pamwamba pa galaja imene amagwirako mnyamata wa ku Mchinji. Bupe wanena zonsezi mokweza, pamaso pa malume. Mwadala!

Malume atseka kope. Afunsa kuti nsapato zawo zakuda zili kuti.

Lachisanu

Mkangano kuyambira pa tiyi.

Ine: chitetezo.
Iwo: "Maliro sathawidwa."
Ine: simukuwadziwa n'komwe anthu ake.
Iwo: "Maliro n'kulirana, anesi. Mayi ako akadzagona iwe uli kuno, udzafuna ndani akhale nawe pansi?"

Pamenepo ndangoyamba kutsuka kapu yotsuka kale.

Ndawaonetsa chithunzi cha anamfedwa pa gulu, kuti aone kuti ndi mlendo. Duku lobiriwira! Mayi yemwe uja! Ndakuwa kuti ndi msampha, Dalitso wakonza maliro abodza kuti awatulutse. Malume avala magalasi owerengera, ayang'anitsitsa, akuti, "Uyu ndi mwana wanga wa Sitandade 6. Ankakhala kutsogolo, kumanzere, masamu ankamuvuta." Ndiye kuti Lachitatu lija mayiyu amayang'ana aphunzitsi ake, ndipo aphunzitsi ake anamupitirira osamupatsa moni chifukwa cha ine. Ndamufufuta pa mndandanda. Manyazi andigwira mpaka ku zala.

Komabe ndaimbira a Mapulani. Akuwa mpaka ndachotsa foni kukhutu: "Ayi! Ayi! Kwatsala masiku awiri okha! Auzeni atumize chipepeso pa foni!" Ndawafotokozera malume. Akuti chipepeso cha pa foni n'cha anthu a kutali, iwo ali pamtunda wokwera basi imodzi.

Mapulani anga tsopano, a ine mwini:

Chipewa, osavula.
Chophimba kukamwa cha ku chipatala.
Tayi ayi. Suti ayi. Malaya a mpira a mchimwene wake wa Bupe.
Kukhala kumbuyo, pakona.
Kugwira anamfedwa chanza, mphindi zisanu, khalas, zatha, tizipita.

Avomera zonse mosavuta. Zimenezo ndiye zikundiopsa.

Loweruka



Chipinda chadzaza, anthu ngati makumi anayi, fungo la oyilo likukwera kuchokera pansi. Amayi pamphasa, abambo pa mipando ya pulasitiki. Dalitso ali pakhomo, foni pa kamtengo kake. Tadutsa, sanatizindikire. Takhala pakona. Nyimbo ziwiri zadutsa. Mumtima ndikuti zatheka.

Kenako wotsogolera mwambo akuti, "Tipemphere." Abambo onse avula zipewa. Malume nawo avula. Nanga munthu wa mpingo apemphere chipewa chili kumutu?

Imvi! Mutu wonse mbuu.

Chimene sindinachiganize sabata yonseyi ndi ichi: ku Dubai kulibe nkhalamba ya Chimalawi. Tonse kuno ndi a msinkhu wa ntchito, ukakalamba umabwerera. Anthu ena m'chipindamo atha zaka osaona imvi za kwathu. Atangoti amen, wotsogolera wayang'ana pakona paja ngati waona mvula yoyamba. "Abale, lero tili ndi mwayi. Alankhula achibale, alankhula a mpingo, koma pamaliro sipatha popanda mawu a akuluakulu. Agogo, tiyankhuleni."

Ndawaponda phazi. Aimirira. Achotsa chophimba kukamwa, chifukwa akuti kulankhula pamaliro utabisa pakamwa ndi mwano.

Mayi Nachisale akuwa, "Aphunzitsi!" ndi kudzigwetsa pamapazi awo. Kulira kumene anakusunga kuyambira Lachinayi kwatulukira pamenepo. Malume awagwira mutu, akuwatchula dzina la paubwana. Za ndale sanatchule ngakhale liwu limodzi. Anena za malemuwo, mmene ankabwerera kusukulu ndi dengu la mbatata kudzapepesa mwana akajomba. Anena kuti mwana amene akulera ana a eni kutali kuno sanathawe amake, wawasamala mpaka tsiku lomaliza. Chipinda chonse chikufwenthera. Inenso ndalira, ndisaname. Ndalira diso limodzi lili pa Dalitso.

Kamtengo kake kali m'mwamba, kagetsi kofiira kakuyaka.

Potuluka watitsekera njira, mwaulemu wake wonse. "Bwana, pepani, funso limodzi lokha. Mukalowa m'boma, amayi ngati awa muwachitira chiyani kuti azitha kukaika makolo awo?" Ndikuwakoka malaya, ndikuti yalla, tiyeni malume, basi ikutisiya. Iwo aima. "Mwanawe, sindikudziwa. Sanandiuze. Kunena zoona, sandiuza kanthu. Koma funso lako ndalilemba, ndikawafunsa." Ndipo alilembadi m'kope.

Tisanafike pa siteji ya basi, foni yanga yayamba kulira. A Mapulani. Amayi. A Mapulani. Azakhali a ku Kasungu amene sanandiimbirepo chibadwire. Ndaizimitsa.

Bupe ndiye amene wandigwira dzanja njira yonse. Sanauzedi munthu.

Lamulungu

Malume adzuka ine ndisanadzuke. Suti, tayi, nsapato zopolisha. Sutikesi ili pakhomo, iwo akhala pampando, kope pamiyendo. Ndege ndi ya masana.

Ndayatsa foni. Kanema uja wazungulira dziko lonse. Anthu akulemba kuti uyu ndiye munthu, ena akuti bwanji osangoima yekha. Chipani chatulutsa kale chikalata: akuti mtsogoleri wawo ndi amene anawatuma kudzapepesa Amalawi a kunja. Ndapuma. Ndaganiza kuti mwina tapulumuka.

A Mapulani aimba. Lero sakukuwa, mawu ali ozizira ngati madzi a mu mtsuko. Akuti bwana waona kanemayo katatu. Akuti malume akugwira ntchito yotamandika ku Dubai, ndiye apitirize. Tikiti yasinthidwa. Abwerera chisankho chikatha.

Ndafunsa za misonkhano yawo. "Tiwaimirira, achemwali."

Ndawauza malume ndili chiimire. Sanakwiye. Afunsa ngati amayi akudziwa, ndati ayi. Atulutsa chikwama cha m'thumba, asolola chiphaso chawo chovotera, chokutidwa bwino m'kapulasitiki. Achitembenuza uku ndi uku.

"Kuno kuli malo oponyera voti?"

Ndati kulibe, malume. Ife a kunja sitivota.

"Ndiye kuti dzina langa likhala pa pepala, ine osaliona."

Abweza chiphaso m'chikwama. Amasula tayi, koyamba osauzidwa ndi munthu, aipinda bwinobwino ndi kuiika pamwamba pa sutikesi. Andifunsa ngati Mayi Nachisale ali ndi wowayendera lero.

Foni yawo ndawabwezera. Amayi ndiwaimbira ndikapeza mawu. Pakadali pano ndikuwalembera malume pakapepala nambala ya basi yopita kwa Mayi Nachisale.