Tenti ya Maliro ndi Njovu za ku Vwaza

Tcherani khutu, inu a pa Mzimba Boma, inu a ku Edingeni ndi inu a ku Euthini, mumve za nkhondo yaikulu imene inagwa m'nyengo ya mafoni osisita ndi chala, m'masiku amene magetsi ankabwera ngati mlendo n'kuchoka osatsanzika, pamene dzuwa la Okutobala linkawamba anyamata a kabaza ali pa njinga zawo. Ndiinena yonse monga inachitikira, ndipo amene anathawa tsiku limenelo andikhululukire, chifukwa ndiwatchula mayina.

Kunali ngwazi dzina lake Chester Mtonga, kalaliki wa pa Boma, Mwini Chidindo, Mkango Wobangulira Kuseri kwa Kauntala, munthu amene ankabalalitsa khamu lonse ndi mawu awiri okha oti "bwerani mawa". Koma ngwaziyi inkayenda ndi bala mumtima. Pa ukwati wina, mkazi wake Martha, namwino wochokera ku Dedza, anauza amayi anzake moseka kuti chikwatiridwe mwamuna wake sanamutengereko kokayenda kupitirira pa depoti ya minibasi. Amayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi, ndipo Chester, amene anali pafupi ndi botolo la fanta m'manja, anamva zonse. Zinamupweteka kwambiri. Analumbira kuti pa Tsiku la Anakubala adzatenga Martha ndi ana awo, Temwa ndi Calvin, kukagona mu tenti ku nkhalango ya Vwaza, kumene njovu zimabwera kudzamwa madzi anthu akuona.

Tsoka lake, ngwaziyi inalibe galimoto. Galimoto inali ndi mlamu wake Pearson, mchimwene wa Martha, mphunzitsi, Mwini Choko, Wokwera Pikapu Yolira Ikakankhidwa. Atamva za ulendowo, Pearson anaimirira pakhonde, nakweza chala ngati ali m'kalasi.

"Alamu, mlongo wangayu sindinamulere kuti akalumidwe ndi kashembe kapena kupondedwa ndi mvuu. Tipita ku Luwawa. Kuli mitengo ya paini, kuli damu, kuli kamphepo kabwino, ndipo kulibe chinthu cha mano. Komanso pikapu ndi yanga."

"Mulamu, ndapota!" anabangula Chester. "Paini ndiye chinthu chokaonetsa mkazi? Matabwa ali mbwee pamsika pompano. Ine ndikufuna anyina Temwa aone njovu ndi maso awo. Mbwenu ngati pikapu ndi yanu, tenti ndi yanga!"

Pamenepo nkhondo inabuka. Moni unatha pakati pa amuna awiriwa. Pa gulu la banja la pa foni, Chester ankaponya chithunzi cha njovu m'mawa, Pearson n'kubwezera chithunzi cha paini masana, ndipo achibale a ku Dedza ndi a ku Edingeni anagawanika ngati pa chisankho. Chester sakanagonja, pakuti ankadziwa kuti Luwawa ikapambana, tauni yonse idzanena kuti Martha anatengedwa kokayenda ndi mchimwene wake, mwamuna wake n'kungokhala kumbuyo kwa pikapu atagwirira mapoto.

Tsono panali kavuto kamodzi: tenti imene ngwazi inaopseza nayo adani kunalibe. Lachisanu lina, Martha ali kuntchito ndipo ana ali kusukulu, Chester anapita kwa a Jonasi, mkulu wa mpingo wosunga tenti ya tchalitchi.

"Watisiya ndani?" anafunsa a Jonasi akuvula chipewa.

"Palibe, adada. Ndikufuna ndiiyese pakhomo, mulamu wanga aone kuti sindilankhula za m'maluwa."

A Jonasi anapukusa mutu, nampatsa tentiyo, nakwera njinga kupita kumunda kwawo, kutali ndi tauni. Ndipo ndi iwo okha m'Mzimba yense amene ankadziwa zoona zake.

Ha, ntchito imene inagwiridwa pabwalo la kwa Mtonga tsiku limenelo! Nthambi za mango zinkatsekereza denga la tenti, choncho Mkango unakwera mumtengo ndi chikwanje, nusadza nthambizo, nuzikokera kunja kwa mpanda, nuzisiya zili yalayala pamsewu. Ngakhale mwana wa sitandade wani amadziwa tanthauzo la masamba aawisi pamsewu ndi tenti ya tchalitchi pakhomo. Munthu yekhayo amene angaiwale zimenezi ndi amene m'mutu mwake mwadzaza njovu. Atamaliza, Chester anayang'ana ntchito yake, nakhutira, natenga ndowa ndi sopo kukalowa m'bafa ya udzu kuseri kwa nyumba.

Woyamba kuona anali mayi Lucia a nyumba yoyandikana, amene maso awo sanaphonyepo kanthu chibadwire. M'mawa anamuona Chester ali pamwamba pa mango. Tsopano anaona tenti, masamba pamsewu, ndipo pansi pa mtengo chikwanje ndi silipasi imodzi. Anagwira mutu poganiza kuti Chester wagwa mumtengo n'kufa, natulutsa mfuu imene inamveka mpaka kumsika.

Anyamata a kabaza anatsika pa njinga zawo pa masamba paja, navula zipewa, nanyamula uthenga kuufikitsa ku ngodya zonse za tauni. Amayi anafika ndi nkhuni ndi mabeseni a ufa, abambo anadzaza mu tenti ndi nkhope zakugwa, kwaya inayamba kuyesa mawu. Za thupi palibe anafunsa, poti aliyense anamva kwa mnzake kuti lili kuchipatala.

M'bafa muja, Chester, thovu lili m'maso, anayamba kumvera chisoni banja loferedwalo, mpaka pamene anamva mayi Lucia akulira kuti, "A Mtonga, mwatisiya chomene, a Mtonga!" Anatambasula dzanja kuti atenge thaulo atuluke. Nthawi yomweyo anamva kutsokomola kwa pikapu imene ankaidziwa bwino, ndipo dzanja lija linabwerera.

Pearson analowa pabwalo akudziguguda pachifuwa.

"Alamu anga ine! Munthu wa mtima wa golide, munthu woona patali! Ndinakangana nanu chifukwa chiyani? Luwawa n'chiyani? Mitengo basi! Mitengo yokhayokha! Ndikulumbira pamaso pa anthu onsewa, mukanakhala moyo ndikanakutengerani ku Vwaza pa pikapu yanga, inu kutsogolo, ine wokankha!"

Abale anga, chimwemwe chimene chinadzaza m'bafa ya udzu ija sichinaonekepo m'bafa iliyonse. Mkango unavina mwakachetechete pa mwala wosambirapo. Ndipo m'malo motuluka, unakhala pa ndowa kuti umvenso zina, pakuti chiyambire ntchito pa Boma unali usanayamikidwepo chotere. Munthu wina amene Chester ankamubweza mlungu ndi mlungu anachitira umboni kuti malemu anali wachangu pantchito.

Kenako kunamveka belu la njinga, ndipo panamveka mawu a Martha. Sanalire mokometsera ngati enawo. Mawu ake anali osweka, aang'ono, ngati a mwana wotayika pamsika.

"Kuchipatala kulibe. Ndayang'ana paliponse. Mwamuika kuti? Abambo a Temwa, ine paukwati paja ndinkangocheza! Njovu ndizitani ine? Bwererani mudzangokhala pakhonde pano, sindidzapemphanso kupita kulikonse."

Kuvina kunathera pomwepo. Chester anachita manyazi aakulu, ndipo anamva chisoni chimene sanachimvepo, poona kuti wasiya mkazi wake akulira chotere iye atakhala pa ndowa kumvetsera matamando. Anadzikulunga thaulo, natuluka.

Taganizirani munthu amene mukumulira akutulukira kuseri kwa nyumba, mutu uli mbuu ndi thovu, phazi limodzi lili ndi silipasi. Kwaya inadumpha mpanda nyimbo ili pakamwa. Mayi Lucia anakhala pansi m'beseni la ufa. Pearson, Mwini Choko, anadutsa pamwamba pa mipando nakadzitsekera mu pikapu, imene monga mwa chizolowezi chake inakana kulira.

Martha yekha ndiye sanathawe. Anayenda molunjika, namugwira mwamunayo padzanja lamanja, naika zala pamtsempha monga amachitira ndi odwala. Atamva kuti ukugunda, anamuwomba khofi limodzi labwino lomwe linamwaza thovu, kenako analira atatsamira pachifuwa chake.

"Pepani, anyina Temwa," ananong'ona Chester. Kenako, popeza ngwazi siisiya nkhondo pakati, anakweza mawu. "Yewo chomene nonse pobwera. Koma mwamva nonse zimene walumbira mulamu wanga!"

"Ndinalumbirira malemu!" anakuwa Pearson pa kampata ka windo. "Uyu ndi wamoyo, sizikumukhudza!"

Nkhondo ikanayambiranso pakanapanda a Jonasi, amene uthenga unawapeza kumunda nabwera akupalasa ndi mtima wonse. Atamva mbali zonse, anagamula kuti lumbiro lonenedwa mu tenti ya tchalitchi silibwezedwa, choncho ulendo wa ku Vwaza ulipo. Anagamulanso kuti ku Luwawa adzapite pa Khirisimasi, kuti tenti akabwereke yaing'ono kwa anthu oyenda m'mapiri, ndiponso kuti ufa wobwera pamaliro subwerera kwawo, uyenera kudyedwa.

Motero mtendere unasindikizidwa masana omwewo. Amene anathawa anabwerera mmodzimmodzi, kwaya inaimba nyimbo zake zomwe zija za maliro koma mothamanga ngati za ukwati, ndipo Temwa ndi Calvin pochokera kusukulu anapeza amalume awo akukumbatira bambo awo ovala thaulo. Malemu anakhazikidwa pampando wapamwamba, napatsidwa chiwindi cha nkhuku, anthu akubwera pamzere kudzawapepesa ndi kuwafunira ulendo wabwino.

Koma Martha dzanja lija sanalisiye. Anakhala pambali pake zala zili pamtsempha mpaka mlendo womaliza atatsanzika, ndipo Mkango Wobangulira Kuseri kwa Kauntala, pamaso pa akuluakulu onse a mpingo, unadya chakudya cha pamaliro ake ndi dzanja lamanzere.