A Qudrat ndi Kapu Yodzaza

Kudera kwathu kuno ku Chilonzor, aliyense amene anasewerapo gemu m'holo ya makompyuta ya Davron akudziwa kuti a Qudrat, okonza makina athu, ankadana ndi chinthu chodzaza. Basi yodzaza sankakwera, mimba yodzaza ankaiyang'ana ndi diso loipa. Koma mdani wawo weniweni anali SSD yodzaza, kadiski kosunga magemu kaja.

Gemu ikangouma nkhondo ili pakati, mnyamata n'kukuwa, madalawo ankabwera akukhwekhwereza masilipasi, n'kugwira kompyuta ndi kuseri kwa dzanja ngati mayi woyeza mwana malungo.

"Yatentha iyi. Waidyetsanso chiyani?"

"Gemu imodzi yokha, madala."

"Imodzi! Bodza ngati wogulitsa mavwende. Kodi mlendo umamuthirira tiyi wodzaza kapu?"

"Ayi, kumeneko n'kumuthamangitsa."

"Nanga diskiyi ukuithamangitsiranji? Isiyire popumira!"

Akatero ankapukuta fumbi pa fani, n'kufufuta magemu osafunsa mwini wake, ndipo makina ankathamangadi. Akuti tsiku lina anafufuta zithunzi za ukwati wa mkulu wina, n'kumuuza kuti asadandaule, mkaziyo amamuona kale kunyumba.

Davron ankaseka mpaka misozi, osadziwa kuti ndevu zotsatira kupsa ndi zake. Kompyuta ya pakona inali yakeyake, ndipo munali mzinda wa m'gemu umene anamanga ndi mng'ono wake, mng'onoyo asanapite kukagwira ntchito kunja. Inkauma pafupipafupi, iye n'kumangopirira. Tsiku lina pobwera kumsika anapeza a Qudrat akumwetulira.

"Taona mmene ikuulukira tsopano!"

Mzinda wonse unali utapita.

Davron sanatukwane. Bola akanatukwana! Anatenga tiyipoti, n'kuthira tiyi mpaka kusefukira, n'kuwapatsa a Qudrat kapuyo, anyamata onse akuona. A Qudrat, mnzawo wa malemu bambo ake a Davron, munthu amene anamunyamulapo ali khanda, anayang'ana kapuyo kanthawi. Kenako anamwa tiyi yense ali wotentha choncho.

"Zikomo, mwana wanga," anatero, n'kuvala chipewa chawo.

Davron ankati akawapepesa mawa, mkwiyo ukatsika. Mawa lija linabala mawa linzake. Anangomva kuti apita kwa mwana wawo wamkazi ku Namangan, ndipo chisanu chitafika unabwera uthenga woti atisiya.

Masiku ano gemu ikauma, anyamata amangozimitsa n'kuyatsanso, palibe wowakalipira, palibe wowaseketsa. Davron amafufuta yekha magemu, ndipo sabisa kuti mtima umamuwawa. Mng'ono wake atamva nkhaniyi pafoni anangoti mzindawo anali atauiwala kalekale.

M'mawa uliwonse Davron amathira tiyi pang'ono chabe, mwaulemu wake, n'kuika kapuyo patebulo la a Qudrat. Tiyiyo amazizira pomwepo.