Mbatata Zotentha pa Sapitwa

Anzanga, usiku wathawu ndinalota ndikukwera phiri la Mulanje, ine amene ndimapuma wefuwefu pa kamtunda ka kumsika. Kumsana ndinabereka chikwama chachikulu ngati cha alendo aja, ndiye kutsogolo kwanga kunali achemwali anga a Delifa. Mukudziwa kuti ali gone kuchipatala, chakudya chikuwakanika, ngakhale supuni ya phala akubweza. Koma kumalotoko amalumpha miyala atavala patapata, chitenje atakwinyira m'chiuno. Mumtima ndimangoti zivute zitani, munthuyu asandifere kuphiri kuno.

Ndiye chikwama chija chinayamba kudandaula.

"Achimwene, mwandilongeza chiyani? Ayironi, wailesi yakufa, chitseko cha bafa. Juzi mwaisiya pachingwe."

"Kunali dzuwa," ndinatero.

"Dzuwa la kumunsi silikwera phiri," chinandiyankha.

Mwadzidzidzi kumwamba kunayamba kugwa zoyera. Osati matalala, matalala amagenda. Izi zimatsika mwaulemu ngati thonje, osamveka n'komwe, mpaka mikungudza yonse kuyera mbuu. Sinoo, anzanga, ija timangoiona pa kanema! Njira inafufutika. Mitsinje inaima chilili kumvetsera. Ndikati ndilankhule, mawu amauma pakamwa n'kugwa pansi gobede, ndiye ndimawatola n'kuika m'thumba la thalauza.

Ndiye pampata wa miyala iwiri tinapeza tebulo, bwana wa zankhalango atakhalapo ndi yunifolomu yosita bwino.

"Zoyerazi mwabwera nazo ndinu?" anafunsa.

"Ayi bwana, zatipeza m'njira."

"Nanga zakwera bwanji popanda chilolezo? Muzitsitse zonse musanapitirire."

Akulankhula choncho mphuno yawo imatalika, imada, mpaka kusanduka mlomo wa mbalame. Kolala yoyera yokha ndi imene inatsala m'khosi. Khwangwala weniweni! Anatola chidindo ndi mlomo n'kuuluka nacho, akukuwa kuti tibwerenso mawa.

Nditacheuka, achemwali palibe. Panatsala patapata imodzi, itamira theka.

"Alowera kuti?" ndinaifunsa.

"Ine ndimangopondedwa, sindifunsa," inatero patapata. "Koma phazi lawo linali lozizira."

Mantha anandigwira, anzanga. Ndiye ndikuyenda, ndikumira mpaka m'mawondo, kulikonse n'koyera kofanana, kutsogolo ndi kumbuyo osadziwika. Mwadzidzidzi ndili patsinde pa Sapitwa penipeni, ndipo pathanthwe pali lichero la mbatata zootcha, nthunzi ili tolotolo, pambali ketulo ya tiyi wamkaka. Munthu palibe, moto palibe. Lamulo la kumeneko tonse tinakula tikulimva: ukapeza chakudya kuphiri ndi cha mizimu, umadya wekha mwakachetechete, suitana mnzako, sutengako. Ukaitana, sutsika.

"Idyani achimwene," chikwama chinanong'ona. "Mukadya muona njira."

Ndinasenda imodzi. Kutentha kwake kunandibwezera zala zanga. Ndiye ndinaima nayo pakamwa. Achemwali aja ndi amene anandilera, ankanama kuti adya kale pofuna kuti ine ndimalize mbale. Lero ine ndikhute, iwo ali m'zoyeramo ndi njala? Zinandikanika.

Ndinapisa m'thumba, kutulutsa mawu ouma aja, kuwaothetsa pa mbatata mpaka anasungunuka. Ndiye ndinakuwa ndi mphamvu zonse.

"Achemwaliii! Bwerani kuno, kuli mbatata!"

Phiri lonse linati zii.

"Kalanga ine," ketulo inatero, "waitana."

Mapazi anga anayamba kusanduka mwala, kenako akakolo, kenako mawondo. Koma mwadzidzidzi achemwali anatulukira, tsitsi lili mbuu, phazi limodzi lopanda kanthu. Anakhala pansi n'kundilanda mbatata m'manja. Analuma. Anatafuna. Anameza. Ndinadikira kuti abweze, osabweza. Mwala unali utafika m'chiuno, koma ine misozi ya chimwemwe ili chuchuchu, ikuuma isanafike pachibwano.

"Iwe Labisoni, kusamva unayamba kalekale," anatero pakamwa podzaza. "Tandisendera ina."

Ndiye ndikusenda, ketulo inayamba kulira, triii, triii, osaleka, mpaka ndinatsegula maso. Inali foni pampando, kunja kukuyera. Dzina linali la alamu anga, amuna a achemwali, amene akudikirira matenda kuchipatalako. Ndinaiyang'ana kanthawi, chala chikukana, chifukwa foni ya m'mamawa siibwera ndi zabwino. Kenako ndinayankha.

"Alamu, pepani kukudzutsani," anatero. "Achemwali anu adzuka. Akuti mapazi akuwazizira, mubweretse sokosi. Ndiye akufunsa ngati kunyumbako kuli kalikonse koti adye."