Bwana Amene Ankayenda ndi Miyendo ya Kalaliki

M'mudzi wina umene ojambula mapu anaudumpha, munali bungwe la alimi a mtedza, ndipo pampando wake wofewa pankakhala Bambo Likongwe, Mkulu Wamkulu Woyang'anira Akuluakulu Onse a Mtedza Wosenda ndi Wosasenda. Bwanayu ankadwala shuga, msana nawo sunkawapatsa mtendere. Kalaliki wawo, Mayi Kachapila, ankadwala zomwezo, kungoti shuga wawo analibe udindo.

Chaka china bungwe linaitana namwino, Mayi Mwandira, kuti Lachisanu lililonse aziphunzitsa antchito kudzisamalira. Bwana anatsegulira maphunzirowo ndi mawu a maola awiri, kenaka anachoka chifukwa chotanganidwa. Otsalawo anamva zonse: kuyenda ndawala theka la ola tsiku lililonse, kuchepetsa shuga mu tiyi, kuchulutsa masamba m'mbale, kuwongola msana, kumwa mankhwala pa nthawi yake.

Mayi Kachapila atawafotokozera, bwana anagwedeza mutu.

"Nzeru zabwino kwambiri. Koma munthu waudindo sagwira yekha ntchito, amagawa. Kuyambira mawa muzindiyendera."

Kalata inalembedwa, chidindo chinamenyedwa. Mayi aja anayamba kuyenda theka la ola lawo, nkuwonjezera theka la bwana. Poyamba ankabwera akutsimphina, akutukwana chamumtima. Masamba a bwana nawo ankadya iwo. Bwana sanafune kuoneka aulesi, choncho anasenza ntchito yoopsa kuposa zonse: zakumwa zotsekemera ndi mandasi a pamisonkhano ankamaliza okha, poteteza antchito awo.

M'mawa uliwonse kalaliki ankapereka lipoti.

"Bwana, lero mwayenda mpaka kuchigayo."

"Ndatopa?"

"Pang'ono, bwana. Pachitunda paja munapuma kawiri."

"Ndiye musandilowetsere alimi. Ndipume kaye."

Itatha miyezi itatu, namwino anabwera ndi kamakina koyezera magazi. Shuga wa Mayi Kachapila anali atatsika. Msana unkawawabe kukazizira, komabe anali atayambiranso kubereka mdzukulu wawo, zimene anazisiya kalekale. Anavina pakhonde, anzawo akuwaimbira m'manja.

Itafika nthawi ya bwana, iwo analoza kalaliki.

"Bayani awa. Ndiwo amandiyendera."

"Chala chanu, bwana," anatero namwino.

Nambala imene inatuluka inachititsa namwino kuvula magalasi nkuvalanso. Anawavulitsa bwana nsapato, nkuwakhudza zala zakuphazi. Bwana sanamve kanthu.

"Mukapitiriza chonchi, phazi ili tidzalitaya," anatero namwino, osaseka.

Bwana anatembenukira kwa kalaliki, maso ali psuu.

"Katangale! Miyezi itatu ndakhala ndikuyenda, thanzi langa lili kuti? Mayi inu mwalidya!"

Pomwepo anakhazikitsa Komiti Yapadera Yofufuza za Kusowa kwa Thanzi la Bwana. Komitiyo itakumana, Mayi Kachapila sanakane mlandu.

"Zoona, lili mwa ine. Ndayesetsa kulibweza, koma likukana kutuluka. Lina ndinalisiya panjira ya kuchigayo, koma limafuna mwiniwake."

Komiti inagamula kuti bwana akalitenge okha. Vuto linali limodzi: mpando sungakhale wopanda munthu. Kalata ina inalembedwa, ndipo Mayi Kachapila anasankhidwa kukhala Wokhalira Mpando Mongogwirizira kwa theka la ola.

Tsiku loyamba bwana anabwera akupuma wefuwefu, malaya atanyowa. Sabata yachitatu anafika kuchigayo osapuma pachitunda, ndipo anadabwa kumva kuti eni chigayowo ankayesa kuti iwo anasamuka kale. Anaseka. Anapemphanso chisoso pa nkhomaliro.

Ku ofesi nako kunkachitika zachilendo. Pa theka la ola lija, makalata amene anagona chaka chathunthu anasainidwa. Mbewu zinafika mvula isanagwe. Sikelo yomwe inafa kalekale inakonzedwa. Alimi anayamba kubisala kuseri kwa nkhokwe, kudikira kuti bwana atuluke pageti.

Lachisanu lina nthumwi za alimi zinapita kwa namwino, zipewa zili m'manja.

"Amayi, ife bwana wathu timawakonda kwambiri," anatero wamkulu wawo. "Tikuopa kuti theka la ola likuwachepera. Kodi chipatala sichingawalembere kuti aziyenda kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka?"