Chipinda chimene ndinakonzera apongozi

Mpaka lero mkazi wanga akafuna kundikhazika chete pagulu sachita kukweza mawu. Amangonena kuti, "Afunseni awa, ndi akatswiri okongoletsa nyumba," basi ine n'kuyamba kufunafuna foni m'thumba ngati yaitana. Anzathu ambiri kuno ku Dublin nkhaniyi anaimva kale, koma anaimva yothira mchere ndi tsabola, ndiye ndaganiza zoifotokoza ndekha mmene inayendera. Sindikudziikira kumbuyo ayi. Ndinalakwa, kungoti ndinalakwa ndi mtima wabwino.

Timachita lendi m'nyumba ina yakalekale kufupi ndi Parnell Street, zija za njerwa zofiira zimene anazigawagawa kuti muzikhala mabanja angapo. Ife gawo lathu ndi chipinda chogona chimodzi, bafa, ndi pabalaza pamene ndi pophikira pomwe. Pafupi ndi bafa pali kachitseko, ukatsegula umapeza masitepe otsetsereka olowera m'chipinda cha pansi pa nthaka. Alandilodi ankasungamo mipando yothyoka ndi zitini za penti wouma. Ife tinkangoponyamo masutikesi n'kutseka msanga chifukwa cha fungo.

Mkazi wanga Esnart ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, kunabwera uthenga woti mayi ake apeza viza, akubwera kudzakhala nafe miyezi itatu kuti adzamuthandize akachira. Ndinasangalala kwa mphindi ngati ziwiri. Kenako ndinayang'ana nyumba yathu ija, thukuta n'kuyamba kutuluka ngakhale kunja kunali chisanu.

Inu mukudziwa mmene zilili kwathu. Mkamwini ndi apongozi sakumanizana pakhomo la bafa wina atakulunga thawulo. Akakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Ndipo apongozi angawa, mayi wamasiye wa ku Ntcheu, woimba kwaya kutchalitchi komanso wogulitsa kaunjika pamsika, mwambo amaugwira ngati dzira. Chikwatireni mwana wawo ndinali ndisanalankhule nawo zopitirira moni, nazonso za pafoni. Panalinso kankhani kena. Nthawi imene ndinkafunsira, iwo anafunsa abale kuti, "Kodi munthu wosambitsa nkhalamba za eni kunjako angathe kusunga mwana wanga?" (Ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ntchito yanga ndimainyadira.) Mawuwo anandipeza kudzera kwa mlamu wanga, ndipo anandikhala pamtima zaka zinayi. Ulendo umenewu unali mwayi wanga woti aone okha kuti mwana wawo ali m'manja mwa munthu wolongosoka.

Ndiye nzeru inandibwerera: chipinda cha pansi chija. Apongozi akhale ndi malo awoawo, aulemu, kutali ndi mkamwini. Nditawafunsa alandilodi, mdala wofatsa wa konkuno, anangoti, "Work away," kutanthauza kuti ndichite zimene ndikufuna bola ndisagumule khoma.

Ndinayamba sukulu ya mavidiyo a pa intaneti. Mu Luas, kasitima ka mumzinda muno, popita kuntchito, vidiyo. Nthawi yopuma, vidiyo. Azungu a m'mavidiyomo amakonza chipinda chonse m'mphindi khumi akumwetulira, zovala osada, ndipo ine ndinkangogwedeza mutu ngati ndife anzawo pantchito. Patatha sabata ndinali nditayamba kuyang'ana makoma a anthu ena ndi diso lachisoni.

Langizo loyamba linali loti chipinda chopanda zenera chimafuna penti woyera kuti chiwale. Ndinatulutsa zinyalala zonse, ndinakwecha khoma, ndinapaka mankhwala oletsa chinyontho, kenako penti woyera mbee kawiri konse, khoma ndi denga lomwe. Pansi ndinayala kapeti yotuwa. Msana unandipweteka masiku atatu, koma nditaima pamasitepe n'kuyang'ana, ndinadziuza kuti mwina ndinasochera ntchito.

Langizo lachiwiri ndi limene linandikomera kwambiri. Ankati ngati m'chipinda muli malo olowa m'khoma, musawasiye, ikanimo bedi kuti wogonayo azimva kufunda. Mwamwayi wanga (panthawiyo ndinkati ndi mwayi), kukhoma la kumapeto kunali phanga la denga lokhota, mmene kalekale ankasungamo malasha. Kutalika kwake kunali kwa munthu atagona. Ndinagula bedi la munthu mmodzi, ndipo linalowa ngati ndinachita kuyeza. Ndinayalapo nsalu yoyera ya zingwezingwe m'mphepete imene ndinaipeza pa Moore Street.

Zotsala zinali zokometsera. Ankati magetsi owala kwambiri amaumitsa chipinda, ndiye ndinagula makandulo a mabatire, aja amaphethiraphethira ngati enieni, n'kuwandandalika m'mbali mwa bedi. Ankati zomera zimabweretsa moyo, koma poti pansi sipafika dzuwa ndinagula maluwa apulasitiki, oyera ndi ofiirira, n'kuwaika kumutu ndi kumiyendo. Pomaliza ankati mlendo amamva kuti walandiridwa akapeza chinthu chake m'chipinda. Ndinatenga chithunzi cha apongozi atavala yunifolomu ya kwaya, ndinakachikulitsa, ndinachiika m'felemu yakuda, n'kuchimata ndi guluu wamphamvu pamwamba pa phanga paja. Maluwa amene anatsala ndinawazunguliza pa felemuyo kuti asawonongeke.

Mwina mukufunsa kuti nanga Esnart anali kuti. Anali pamwamba. Ndi mimba ija masitepe otsetsereka aja sankawayerekeza, ndipo ine zinandikomera.

"Kodi mukupanga chiyani pansipo?" ankandifunsa ndikatuluka ndili mbuu.

"Surprise, madam. Mudzaona pa tsiku lake."

"Ma surprise anuwo ndimawadziwa. Bola musawononge deposit."

Munthu mmodzi yekha amene ndinamuonetsa zithunzi anali mnzanga wa kuntchito, mayi wina wachizungu wa ku Crumlin. Anayang'ana n'kunena kuti ndi pabwino zedi, pabata. Mmalawi aliyense sindinamuonetse, poopa kuti angandibere nzeru. Paja amati safunsa anadya phula.

Apongozi anafika Loweruka masana. Titafika kunyumba kuchokera ku bwalo la ndege, ndinanjuta chapakhomo n'kupereka moni monga mwa mwambo, iwo akuyankha atayang'ana kumbali. Anamwa tiyi, anafotokoza za kumudzi, anagwira mimba ya mwana wawo n'kupemphera. Zonse zinkayenda bwino. Kenako ndinauza Esnart kuti awauze mayi kuti chipinda chawo chakonzeka.

Ndinatsogola ndekha kukayatsa makandulo. Ndinawonjezanso chinthu chimodzi chimene sichinali m'mavidiyo, nzeru zanga ndekha: ndinatsegula kasipika kakang'ono kuti kaziimba nyimbo za kwaya chapansipansi, zija zoyenda pang'onopang'ono, poti ndi zimene amakonda. Ndinaima pakona manja kumbuyo, mtima uli dyokodyoko, kudikira kuyamikiridwa.

Anatsika pang'onopang'ono atagwira khoma, Esnart ali pambuyo pawo, nayenso kutsika koyamba. Atafika pa sitepe yomaliza anaima. Anayang'ana makoma oyera. Anayang'ana makandulo, maluwa, bedi lili m'phanga. Kenako anakweza maso n'kukumana ndi nkhope yawo yomwe m'felemu yakuda. Kwaya inali ikuimbabe.

Sanakuwe, sanatukwane. Anangotembenuka pang'ono n'kufunsa mwana wawo ndi mawu ofatsa.

"Esnart mwana wanga, kodi madokotala anakuuzani zinazake zokhudza ine zimene ine sindikuzidziwa?"

Esnart anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ngati zili choncho usandibisire," anapitiriza. "Ungowafunsa bambowa kuti mwambo uyamba nthawi yanji, ndisinthe zovala."

Abale, pamenepo ndi pamene maso anga anatseguka. Milungu isanu ndinkalowa ndi kutuluka m'chipinda chimenechi osaona kanthu, koma nthawi imeneyo ndinaona zonse. Ndinakumbukira maliro a bambo anga aang'ono ku Dedza, adzukulu atakumba dzenje n'kubowola kachipinda m'mbali mogonekamo bokosi. Ndi chimenecho ndinamanga. Ndinatsitsira apongozi anga pansi pa nthaka, ndinawakonzera kachipinda ka m'mbali, ndinaika nkhata za maluwa, chithunzi, makandulo, ndi kwaya yomwe. Chimene chinkasowa ndi abusa okha.

"Koma inu!" anatero Esnart mawu atabwerera. "Five weeks yonseyi mumapanga funeral parlour?" Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira, ndipo ndikukhulupirira kuti nayenso sankadziwa.

Chifukwa cha mantha ndinaiwala mwambo n'kuyankhula nawo mwachindunji. "Amayi, pepani, ndi design chabe. Kunoku basement amaikonza chonchi, kuti izioneka cosy."

Iwo anayankha akuyang'ana khoma. "Uwauze kuti ndamva. Dizainiyo ndaiona. Bambo ako tinawagoneka chonchi, mutu mbali iyi." Analoza kumene ndinaika pilo. Apa kuseka konse kunatha. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire, chifukwa ndinaona kuti nkhope yawo yagwa, ndipo amene ndinawakumbutsa zimenezo pa tsiku loyamba m'dziko lachilendo ndinali ine. Ndinathamangira kukazimitsa kasipika kaja, koma m'malo mozimitsa ndinakweza.

Titakwera pamwamba, apongozi anakhala pampando chikwama chili pamiyendo, jekete osavula. Anauza Esnart kuti pali mayi wina wa kutchalitchi kwawo amene mwana wake amakhala ku Ballymun, mu Dublin momwemuno, nambala ali nayo, amuimbire.

"Ndikagona kumeneko, ndizibwera masana kudzakuona," anatero. "Nanga ine ndigone kunsi kwa nthaka, mkamwini aziyenda pamutu panga? Kwathu zimenezo zimachitika munthu akapita."

Esnart anandiyang'ana misozi ili lengelenge. Ndinadziwa kuti akatuluka pakhomopo ndi chikwama chija, mkazi wanga achira mayi ake ali kwa eni, Amalawi onse a mu Dublin adziwa lisanalowe dzuwa, ndipo ku Ntcheu funso lija la zaka zinayi likhala layankhidwa.

Ndinagwada chapakhomo paja, ulendo uno ndikuyang'ana mkazi wanga monga zimayenera kukhalira.

"Auzeni amayi kuti ndalakwa, ndinachita mosadziwa. Auzeni kuti chipinda chathu chogona ndi chawo, azigona ndi inuyo. Pansipo ndizigona ine."

Apongozi anatenga kapu yawo ya tiyi amene anali atazizira kale, anamwako pang'ono, n'kuibweza.

"Uwafunse, saopa?"

"Sindiopa," ndinatero. (Ndinkaopa.)

Anaika chikwama pansi n'kuyamba kumasula mabatani a jekete.

Choncho miyezi itatu yathunthu ndinagona m'phanga lija. Maluwa ndinataya, makandulo ndinapereka kuntchito kuti azikongoletsera pa Khirisimasi. Chithunzi ndiye chinakana. Guluu uja anali wamphamvudi, ndikati ndikoke chinkabwera ndi khoma lomwe, ndipo alandilodi anali atandichenjeza kale. Ndinayesa kuchiphimba ndi chitenje, koma Esnart atamva anati ndisayerekeze kuphimba nkhope ya mayi ake ali moyo, zanga zakwana. Ndiye munthu amene ndinavutika milungu isanu kuti ndiwatalikire, m'mawa uliwonse ndikatsegula maso ndinkayamba kuona iwo.

Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi, ndipo agogo ake ndi amene anamusambitsa koyamba kunyumba. Tsiku lina masana, kutatsala sabata kuti abwerere, ndinali pamasitepe ndikukwera pamene ndinamva akulankhula pafoni ndi mng'ono wawo wa ku Ntcheu. Apongozi anga akamaimba foni ya kumudzi amakuwa ngati mawuwo ayenda wapansi, ndiye sindinachite kutchera khutu.

"Mkamwini wanga? Ayi, ameneyo ndi munthu. Nzeru zake n'zapatalipatali, koma mwana wanga akusungidwa. Ndiuze iwe, unamuonapo kuti mkamwini wotere? Anandikumbira manda, ndiye ataona kuti sindinakonzeke, analowamo yekha."

Ndinakhala pansi pa sitepe pomwepo. Zaka zinayi ndinkadikira mawu abwino ochokera pakamwa pa mayi amenewa, ndipo atabwera anabwera chonchi. Ndinawalandira ndi manja awiri, ndipo sindibisa, m'maso munandiyabwa.

Masiku ano ngakhale msomali wopachikapo kalendala sindikhoma ndisanafunse Esnart. Koma penti uja ndinapaka bwino, zimenezo palibe angandilande.